Tsiku Limene Amalume Anasanduka ErrorAlert

"Amalume! Amalume ndi ndani? Anthuni tandiuzani, mu system muno Amalume ndi ndani?"

Wailesi anali ataimirira, dzanja limodzi pa laputopu, lina m'mwamba ngati akuimitsa basi. Dzina limeneli sanam'patse mwangozi. Munthuyu akayamba kuyankhula, pozimitsira palibe. Anali ndi masabata atatu okha mu ofesimo koma mawu ake anali atafika kale ngodya zonse.

"Kuyambira eyiti koloko ndikusaka ka bokosi kofiira kaja, kamatuluka oda ikakanika kaja. Ndasaka error, palibe. Ndasaka alert, palibe. Warning, message, popup, zii. Pano leveni koloko ndi pomwe ndikupeza kuti kali mu fayilo yotchedwa Amalume. Amalume! Ino ndi ofesi kapena msonkhano wa banja?"

Kadontho sanatembenuke. Anangochotsa mahedifoni khutu limodzi. Iyeyu ndi amene ankakonza maonekedwe a masamba, ndipo dzinali analitengera ku maso ake: batani likapendekeka ndi kadontho kamodzi, ankaliona ali pakhomo.

"Mukanandifunsa," anatero.

"Ndizikufunsani chilichonse, sisi? Tsiku lomwe mudzadwale, kampani itseke?"

"Amalume athu akafika pakhomo ndiye kuti kwinakwake zavuta. Sabwera ndi nkhani yabwino. Ndiye bokosi la error ndi Amalume. Chovuta n'chiyani pamenepo?"

"Chovuta n'choti ine amalume anuwo sindiwadziwa!"

Ena awiri a pa tebulo la kuwindo anaseka chamumtima, maso ali pa skirini.

Ntchito yawo inali apu ya pa webu yoti masitolo ang'onoang'ono azilandirirapo maoda. Tsamba lililonse la apuyo linamangidwa ndi tizidutswa, tomwe iwo amati makomponenti. Batani ndi komponenti, bokosi la uthenga ndi komponenti, mndandanda wa katundu chimodzimodzi. Umakalemba kamodzi, n'kukapatsa dzina, basi. Ukakafuna pa tsamba lina umangokaitana dzina, iko kabwera. Ndiye dzina si nkhani yaing'ono ayi.

Wailesi anatsegula foda yonse n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati akuitana mayina m'kalasi.

"Geti. Chabwino, imeneyo ndi login, ndamva. Denga, ka pamwamba kaja. Khonde, ka m'mbali. Mpaka pamenepo ndikhoza kupirira. Koma Alamu? Alamu ndi chani?"

"Kozungulira kaja, tsamba likamachedwa kutseguka."

"Chifukwa?"

"Alamu athu nthawi zonse amati ndili m'njira, ndili m'njira. Osafika."

Wa kuwindo mmodzi anaphulika nako kuseka. Wailesi nayenso milomo inafuna kum'pereka koma anailuma.

"Aneba?"

"Ka belu ka ma notification. Nkhani iliyonse amayamba kuimva ndi iwo."

"Azakhali?"

"Kaja kamafunsa kuti mwatsimikiza mukufuna kufufuta? Ukati eya, kakufunsanso."

"Mxii. Serious, anthu inu mumagwira ntchito chonchi zaka zonsezi?"

Chitseko cha kaofesi ka magalasi chinatseguka. Anatuluka a Bigi, mkulu wa timu, mayi wamfupi wa mawu otsika. Iwowa sankakuwa. Akafuna kuti anthu akhale chete, ankangoika kapu yawo ya tiyi patebulo pang'onopang'ono. Anaiika.

"Wailesi, tsitsa volume. Kadontho, bwera kuno ndi mpando wako."

Anakhala atatu kutsogolo kwa skirini imodzi. A Bigi anayendetsa mausi kutsika ndi fodayo, akumwetulira pang'ono.

"Mayinawa ndikuwadziwa. Tsiku lomwe Chipewa anabwera nawo ndinaseka mpaka misozi. Koma nthawi imeneyo tinali atatu, ine, iwe ndi mchimwene wakoyo. Pano tili asanu ndi mmodzi, mwezi wamawa kukubwera ena awiri. Aliyense tizimukhazika pansi n'kumufotokozera za alamu anu?"

"Titha kulemba ka document," anatero Kadontho. "Ka tsamba kamodzi. Amalume ndi ichi, Aneba ndi ichi."

"Document imene palibe adzaiwerenge," anatero Wailesi.

"Inu mwabwera dzulodzuloli."

"Eya, mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa."

"Kalumo kakuthwa kamachekanso khutu."

"Basi," anatero a Bigi. "Lamulo ndi ili, ndipo si la Wailesi, ndi langa. Dzina lizinena ntchito. Munthu akaliwerenga asafunse mnzake. Komponenti imodzi, ntchito imodzi. Pamwamba pa iliyonse, mizere iwiri yonena chimene imalandira ndi chimene imaonetsa. Ndipo popeza tikuzigwira kale, tizilembenso m'kalembedwe katsopano, zakalezi framework yomwe timamangirapo apuyi ikuzisiya."

Anadina fayilo yomaliza. Inatseguka, yaitali ngati msewu.

"Ndiye pali iyi. Amayi. Mizere naini handiredi. Kadontho, tandiuza, Amayi amachita chiyani?"

Kadontho anayang'ana zala zake. "Amasunga amene walowa. Amasunga za mu basiketi. Amadziwa chiyankhulo chimene munthu wasankha. Amakonza madeti. Kenako amagawira ana onse, aliyense chimene akufuna."

"Ntchito zinayi."

"Zisanu. Amakumbutsanso ngati munthu waiwala kulemba adilesi."

"Waona? Mutu umodzi susenza denga."

"Wa amayi umasenza."

A Bigi anatenga kapu yawo.

"Iphwanyidwe, zituluke zinayi kapena zisanu, iliyonse ndi dzina lake. Ndikufuna zilowe lero tisanaweruke, chifukwa mawa tikuyamba tsamba la malipoti ndipo sindifuna limangidwe pa Azakhali. Ugwira iwe, kapena ndim'patse Wailesi. Undiuze tikabwera ku lunch."

Kadontho anakoka mpando wake kubwerera pamalo pake. Anavala mahedifoni koma sanayatse nyimbo.

Chimene a Bigi sanachitchule, ngakhale mwina ankachidziwa, ndi timalemba totuwa. Pa pulogalamu yomwe ankalemberamo khodi, ukadina pa mzere uliwonse, kumapeto kwake kumatuluka timalemba tosaoneka bwino, tonena amene anaukhudza komaliza ndi nthawi yake. Kadontho anadina mzere woyamba wa Amalume. Chipewa, zaka zitatu zapitazo. Anatsika. Chipewa, zaka zitatu zapitazo. Anatsikanso. Chipewa. Chipewa. Chipewa.

Achimwene akewo anachoka zaka ziwiri zapitazo, anapeza ntchito ku kampani yaikulu ku dziko lakutali, kumene dzuwa limatuluka kuno anthu akupita ku lunch. Miyezi yoyamba ankaimba Lamlungu lililonse, pa video, akuonetsa kachipinda kawo ndi jekete lawo lalikulu. Kenako zinasanduka ma voice note. Kenako ka chala kokweza kaja basi. Pa foni ya Kadontho, mauthenga ake anali atandandalikana okhaokha mbali imodzi, onse owerengedwa. M'mawa uliwonse akamatuluka, mayi ake ankafunsa ali pa sinki, osatembenuka, ngati akufunsa za nyengo: "Sanaimbe mchimwene wako?" Iye ankati, "Ali bize, amayi. Koma ine ndimakhala nawo tsiku lonse ku ntchito." Mayi ankaseka, osamvetsa. Koma sikunali kunama. Eyiti mpaka faivi, paliponse pomwe wadina, Chipewa anali pompo.

Ndipo mayinawo anawapangira limodzi. Linali Loweruka masana, pa tebulo lodyera la kunyumba, lija la mwendo umodzi waufupi womwe anauikira katoni pansi. Iye anali atangoyamba kuphunzira, zinthu sizinkalowa. Props, state, parent, child, mutu unkangozungulira. Achimwene ake anakankhira chipewa chawo kumbuyo n'kunena kuti, "Iwe, iwala za m'bukuzo. Nyumba ino ukuidziwa? Ukafuna sopo umapita kwa ndani?" Kwa amayi. "Amayi akakupatsa sopo, iwe ungamusinthe kukhala shuga?" Ayi. "Basi, props ndi zimenezo. Chochokera kwa kholo umangolandira." Tsiku limenelo zinalowa zonse. Mayi akudutsa ndi zochapa anamva dzina lawo n'kufunsa kuti mukundijeda chiyani, awiriwo anagwa nako kuseka.

Wailesi anafika kumbuyo kwake, mawu atatsikako pang'ono.

"Sisi, ngati vuto ndi history, siichoka. Zonse zimakhala mu git, mosungira zakale muja. Mukafuna kuona zakale mumangobwerera m'mbuyo."

"Kumeneko n'kokafukula," anatero Kadontho. "Apa ndimangodina."

Wailesi anabwerera pa mpando wake osatsutsa. Zachilendo.

Nthawi ya lunch anzake anatsikira ku kantini. Iye anatenga foni n'kukakhala pa masitepe a kumbuyo, paja pamakhala mabaketi a okolopa ndi mpando wothyoka. Anawerengera maola pa zala. Kumeneko kunali kutangocha, mwina ali m'njira yopita ku ntchito. Anaganiza zolemba uthenga, koma uthenga ankaudziwa mathero ake. Anaimba.

M'mutu mwake nkhani inali itatha kale. Achimwene akamva akwiya. Anena kuti ndani ameneyo, m'patse foni. Kapena alembera a Bigi, paja amagwirizana: musakhudze nyumba yathu. Madzi saiwala khwawa, anadziuza choncho foni ikulira. Kachitatu. Kachinayi.

"Halo? Kadontho? Chavuta n'chiyani? Mayi ali bwino?"

Mawu omwe aja, okhuthala, othamanga. Kumbuyo kunkamveka phokoso la anthu ambiri ndi mayi wina akulengeza zinthu pa sipika.

"Ali bwino, achimwene. Palibe chavuta."

"Eee, wandiopsa. Kuimba nthawi ino? Mtima unachita kuti phaa."

Kadontho anaseka pang'ono, kuseka kouma. Ndiye kuti iyenso wasanduka wa nkhani zoipa, woti akaoneka pa foni anthu agwire mtima.

"Ndi za ku ntchito. Kwabwera wina watsopano, ndiye a Bigi akuti tisinthe mayina a makomponenti. Onse. Geti, Khonde, Aneba, Amalume. Amayi akuti tiwagawe panayi."

Kunamveka kuseka kwakukulu, kochokera pansi pa mimba.

"Iii! Zikadalipo zimene zija? Aaa, ine ndimayesa munataya kalekale! Amalume, Amalume... paja inali chani? Login?"

"Error."

"Eya, eya, error! Chifukwa chani paja?"

Kadontho anayang'ana baketi la buluu lomwe linali patsogolo pake. Munali madzi akuda pang'ono ndi chitsulo cha mopu.

"Sabwera ndi nkhani yabwino," anatero motsitsa.

"Hahaha, zoona! Koma tinali ndi nthawi yotaya, eti? Iwe, sintha zimenezo. A Bigi akunena zoona. Kuno nditalemba zoterozo akhoza kundiperekeza pa geti tsiku lomwelo. Zinali zachibwana zija."

"Zinali zathu."

"Wati chani? Phokoso kuno, sindikumva bwino."

"Ndati chabwino."

"Ndipo ka Amayi kaja ndikukakumbukira, kanali konenepa heavy. Ukagawe bwinobwino, auth payokha, cart payokha. Ukhoza iwe, uli ndi mutu kuposa ine. Ukamaliza uike pa CV."

"Mubwera liti?"

"Aaa, chaka chino chavuta, pali release yaikulu. Tiona. Iwe, sitima yanga yafika, ndithamange. Moni kwa mayi, uwauze ndiimba weekend. Shapu, Kadontho."

Foni inati tuu. Pa skirini panalembedwa mphindi ziwiri ndi masekondi makumi anayi. Anakhala pomwepo akuyang'ana manambalawo mpaka skirini inazima yokha. Mayi wokolopa anabwera kudzatenga baketi lake, anamuyang'ana, n'kunena kuti, "Mwanawe, masitepe amazizira awa, udwala." Iye anati zikomo amayi, n'kudzuka.

A Bigi anali atabwerako kale, akutsuka kapu pa kasinki ka pakona.

"Ndigwira ndekha," anatero Kadontho.

"Watsimikiza? Wailesi akhoza kutenga theka."

"Ndekha."

Anayamba ndi zosavuta. Geti inakhala LoginForm. Denga, PageHeader. Khonde, SideMenu. Fayilo iliyonse ankailemba mwatsopano m'kalembedwe kamene a Bigi ananena, n'kuika mizere iwiri pamwamba: imalandira chakuti, imaonetsa chakuti. Kenako ankasaka paliponse pomwe dzina lakale linaitanidwa n'kulisintha. Aneba ankaitanidwa malo khumi ndi awiri. Alamu malo makumi atatu ndi limodzi, paja iwo ndi ochedwa paliponse. Zala zinkathamanga zokha, ntchito ankaidziwa. Akasunga zomwe wasintha, timalemba totuwa tija tinkasintha nato. You, a minute ago. You, a minute ago. Anasiya kudina pa mizere. Ankangoyang'ana kumanzere kwa skirini.

Cha m'ma thuu koloko Amalume anasanduka ErrorAlert. Imalandira uthenga ndi mtundu wa vuto, imaonetsa bokosi lofiira. Anayesa oda yolakwika dala kuti aone. Bokosi linatuluka bwinobwino, lofiira ngati kale, osadziwa n'komwe kuti lasinthidwa dzina.

Wailesi ankangozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Kamodzi anabwera ndi paketi ya mabisiketi n'kuiika pambali pa kiyibodi yake osanena kanthu. Kachiwiri anabwera ndi mawu.

"Sisi, Azakhali mukawatcha ConfirmDialog zikhala bho. Kapena ConfirmDelete. Kaya, inu ndi amene mukudziwa."

"ConfirmDialog. Imagwiranso pa cancel."

"Shuwa, shuwa. Mwaona, ine zimenezo sindimadziwa."

Itakwana hafu pasiti filii panatsala Amayi okha. Anaitsegula n'kuiwerenga yonse kuchokera pamwamba, pang'onopang'ono, ngakhale ankaidziwa ngati njira ya kwawo. Anapanga mafayilo asanu opanda kanthu. AuthProvider. CartProvider. LanguageProvider. DateFormatter. AddressReminder. Anayamba kusamutsa. Za olowa uku, za basiketi uku. Zina zinali zitalukanalukana, ukakoka ichi chija chikubwera nacho, moti anachita kumasula ulusi umodziumodzi. Ma test oyesera ngati zonse zikugwirabe ntchito anafiira kasanu, kusonyeza kuti china chathyoka. Kachisanu ndi chimodzi anabiriwira onse.

Mu fayilo yakale munatsala zinyenyeswa: ma import osagwiranso ntchito, mabulaketi opanda kanthu mkati, ndi ndemanga imodzi pa mzere wa folo handiredi thwelofu, ija makompyuta saiwerenga, yolembera munthu:

// pano pamavuta. usakhudze usanadye. ndikudziwa sunadye, Kadontho.

Anadina pamenepo. Chipewa, zaka zitatu zapitazo.

M'mimba munalira ngati mwamva. Paketi ya mabisiketi inali pomwepo yosatsegula. Anayang'ana mafayilo asanu atsopano aja, kufuna poti angaiike ndemangayo. AuthProvider? Pamenepo sipavutanso. CartProvider? Ndi mizere sikisite yoyera, mwana aliyense akhoza kuiwerenga. Malo ovuta aja anali atawamasula yekha ndi manja ake. Panalibenso poti munthu achenjezedwe.

Kenako anapita pa foda, anadina kumanja pa Amayi, delete. Pulogalamu inamufunsa ngati watsimikiza. Anati eya.

Anatumiza zonse kuti a Bigi aone. Sipanathe mphindi khumi, a Bigi anatuluka mu kaofesi kawo laputopu ili m'manja.

"Ndaziona. Zoyera. Ndalowetsa." Anaima pang'ono pafupi ndi tebulo lake. "Wagwira ntchito, mwana wanga. Mawa ukhoza kubwera teni koloko."

"Ndibwera eyiti."

Wailesi anali atatsegula kale foda yatsopano pa kompyuta yake, akutsika nayo, nkhope ikuwala.

"Eee, koma ndiye zasintha! Taonani anthuni, munthu ukungowerenga n'kudziwiratu. ErrorAlert. LoadingSpinner. NotificationBell. Ngati apu ya kampani yaikulu! Sisi, ulemu wanu. Ine m'mawa ndinalankhula udyo, mundikhululukire, pakamwa panga mukupadziwa."

"Palibe kanthu."

Kadontho anali akukulunga chingwe cha chaja. Anatseka laputopu n'kuilowetsa m'chikwama, mahedifoni pamwamba.

"Koma mukudziwa?" Wailesi anatembenuza mpando wake. "Mujambule screenshot muwatumizire achimwene anuwo. Aone mmene mlongo wawo wakonzera nyumba. Ndikukuuzani, akaona zimenezi aimba pompano."

Kadontho anakoleka chikwama paphewa n'kukankhira mpando pansi pa tebulo.

"Nambala yanga ali nayo."

Anatuluka. Chitseko chinadzitseka chokha pambuyo pake.